Ovolosi ya Apongozi pa Kanivo wa ku Kitwe

Ine ndinakulira ku Masala, ku Ndola, m'mbali mwa makina osokera a mayi anga. Ana ena ankagona ndi nyimbo, ine ndinkagona ndi kulira kwa makinawo pamodzi ndi kukuwa kwa makondakitala a minibasi. Mayi ankati manja ndinatengera iwo, koma pakamwa ndinachita kutola pamsika. Tsiku londiperekeza ku banja ku Mindolo, ku Kitwe, anandikokera pambali n'kunena kuti, "Iwe, uko uyenda ni kwa anthu a kum'mawa, Akatolika a mwambo. Manja utenge, pakamwa usiye kuno." Ndinavomera bwinobwino, koma ndinapita nazo zonse.

Mwamuna wanga anali kalaliki mu ofesi ya kampani ya migodi. Ndinkamuseka kuti iye amakumba kopa, mkuwa uja wa mumgodi, ndi bolopeni. Tinayamba takhala kwa makolo ake podikira kuti kampani itipatse nyumba yathu, koma nyumbayo sinabwere. Kunabwera mbiri yoti boma likugulitsa migodi, ofesi yawo inatsekedwa, ndipo iye anayamba kukwera mabasi kupita kumalire kukaoda katundu wogulitsa. Ankatha masabata osaoneka. Ine ndinatsala ndi apongozi anga awiri, m'nyumba yawo, ndi makina anga pakhonde.

Apongozi aakazi, amene ndinkangowaitana kuti amayi, tinazolowerana msanga. Anali munthu wa nkhope yaukali koma woseka ndi mapewa. Apongozi aamuna ndiye inali nkhani ina. Kwawoko mkazi wa mwana salankhulana ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso. Iwo akalowa pabalaza, ine ndinkatulukira khomo lakukhitchini. Tikakumana panjira ndinkapatuka, kugwada, n'kuyang'ana kumbali mpaka atadutsa. Mawu onse ankadzera mwa amayi, ngakhale tonse atatu tili pafupi moti n'kumvana kupuma.

"Uzani apongozi kuti tiyi wachepa shuga," apongozi aamunawo ankatero kwa amayi, ine ndili kuseri kwa chitseko.

"Auzeni abambo kuti shuga watha," ndinkayankha, amayi n'kubwereza mawu omwewo mokweza ngati kuti abambowo ali ku Chipata.

Poyamba ndinkaluma chitenje kuti ndisaphulike ndi kuseka. Kenako ndinaona kuti si masewera. Mtsikana wina wa mumzere wathu womwewo anapezedwa ndi apongozi ake atavala thalauzi, ndipo akuluakulu anamubweza kwa makolo ake kuti akamulangizenso. Sanabwererenso. Ine nyumba ina ndinalibe, ndipo ndikaganiza zotsika minibasi ku Masala makina ali pamutu, amayi a pamsika akundiyang'ana, kuseka konse kunkatha.

Abambowo anagwira ntchito pansi pa nthaka kuyambira ali mnyamata. Tsiku limene anawadula ntchito anabwera n'kupachika ovolosi yawo pamsomali kuseri kwa chitseko cha chipinda chosungiramo katundu, chipewa cholimba cha mumgodi pamwamba pake, majombo pansi. Kuyambira pamenepo sankatuluka pageti kupatula Lamlungu popita ku Misa. Ankangokhala pakampando pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Sayirini ya pashafuti, polowera mumgodi, ikalira, ankadzuka pang'ono ngati akufuna kunyamuka, kenako n'kukhalanso. Ndinkawaonera pawindo la kukhitchini, ndipo zinkandimvetsa chisoni, koma ndikanawauza bwanji?

Tsono ku Kitwe kunali chikondwerero cha mumsewu chimene tinkachitcha kanivo. Chinkachitika nyengo yozizira ikamatha. Msewu waukulu unkatsekedwa, malole ankakongoletsedwa, bandi ya malipenga inkatsogola, ndipo magulu a amayi ochokera m'makomboni onse ankayenda akuvina, gulu lililonse ndi chovala chake. Amayi a ku Mindolo sankavutika kuganiza. Chaka chilichonse kampani inkawapatsa nsalu ndi lole, iwo n'kungosoketsa, n'kukwera. Adani awo pa zovala anali amayi a ku Kamitondo, ogwira ntchito m'maofesi ndi amalonda, anthu oti ngakhale popita kokataya zinyalala amayamba adziyang'ana pagalasi.

Chaka chimenecho tinasonkhana mu holo ya amayi, ndipo wapampando wathu, mayi wamkulu thupi wa mawu ngati lipenga, anaimirira n'kunena mwachidule: "Bana mayo, azimayi anzanga, nsalu kulibe, lole kulibe. Ati kampani ilibe mwini. Manje tichita bwanji?"

Holo inasanduka msika. Wina anati tivale mayunifomu a kutchalitchi, koma muholomo munali matchalitchi osiyanasiyana, ndipo pasanapite nthawi anthu anali atayamba kukangana za mtundu wa duku umene Mulungu amaukonda. Wina anati tigule makatani a salaula, zakale zija zochokera kunja, tisoke madiresi aatali. "Kuti a ku Kamitondo akatifunse kuti mawindo tasiya kuti?" wina anakuwa kumbuyo. Mayi wina wokalamba anati tisoke matumba a ufa, ndipo anamuyankha kuti njala tili nayo kale, sitifunika kuivala. Ena anati tingosiya, chaka chino tikaonerere anzathu. Mawu amenewo ndi amene anandiwotcha.

Pobwera kuholoko ndinali nditadutsa m'mizere ya nyumba, ndipo pafupifupi pampanda uliwonse panali ovolosi yoyanikidwa yopanda woivala. Ena anali atayamba kuzing'amba kuti azikolopera. Ndinangozindikira ndaimirira, pakamwa paja patatseguka pokha.

"Nsalu tili nazo," ndinatero. "Zili pamisomali m'nyumba mwanu. Maovolosi a amuna anu aja, nsalu yake ni yolimba kupambana iliyonse imene kampani inatipatsapo. Ndipatseni imodzi, mawa muone."

Kenako wapampando anati, "Iwe mwana wa ku Ndola, ufuna tikayende mu tauni monga tiyenda ku shifiti?"

"Ee mukwai," ndinavomera mwaulemu, "koma shifiti imene sanaionepo."

Mnzanga wina wa ku Petauke, wamfupi wokonda kuseka, anandipatsa ya mwamuna wake tsiku lomwelo. Ndinaichapa, kuisita, n'kuiyala pamphasa. Ovolosi ya mwamuna ndi thumba chabe, ilibe chiuno, ilibe chifuwa. Ndinaidula pakati, ndinaitsina m'chiuno kuti igwire thupi, n'kuilumikizanso ndi lamba wa chitenje chofiira ndi chachikasu. Kolala yakale ndinaichotsa, ndinaikapo yaikulu yoimirira ya chitenje chomwecho. Manja ndinawadula pamwamba pa chigongono n'kuwatukumula pamapewa. Miyendo ndinaiphwasula kuyambira m'mawondo, n'kulowetsamo nsalu yowala kuti munthu akazungulira izitambasuka. Timalamba tonyezimira tija ta pachifuwa ndinatisiya pomwepo dala.

Mnzangayo atavala n'kulowa muholo m'mawa mwake, amayi onse anakuwa ngati aona njoka, kenako nthungululu zinaphulika. Munthu wamfupi uja anaoneka wamtali. Anayenda mpaka kutsogolo, anazungulira kamodzi, miyendo ija inatambasuka, ndipo wapampando anagwira pamtima n'kunena kuti, "Iyee mayo! Yanga isokedwe poyamba, ndine mkulu pano."

Masabata otsatirawo sindidzawaiwala. Tinasonkhanitsa makina onse a m'komboni muholo. Amayi ankabwera ndi maovolosi atawabisa m'mabeseni, ena atachita kupempha, ena atangotenga. Aliyense anabwera ndi nzeru zake. Wina anati zipewa zolimba tizipente zoyera n'kujambulapo maluwa, duku izionekera pansi pake n'kumangidwa mfundo yaikulu pambali pa khutu. Wina anatola waya wa kopa wotayidwa, n'kupota ndolo ndi zibangili zofika m'chigongono. Majombo tinawatsuka ndi sopo mpaka kuwala, ndipo m'mphepete mwake tinamangirira totsekera mabotolo toboola, kuti phazi likagunda pansi pazimveka tswee. Onenepa ndinkawaikira makwinya kumbuyo, owonda ndinkawakulitsira mapewa. Mayi wina woyembekezera anakana kutsala, ndiye ndinamusiyira zipi yotseguka pamimba n'kutsekapo ndi chitenje. Tinkaimba, tinkanyozana, tinkabayana ndi mapini. Chiyambire kudulidwa ntchito kwa amuna, ndinali ndisanamve amayi a ku Mindolo akuseka choncho.

Kenako wapampando analengeza kuti wotsogolera gulu pamsewu ndikhala ine, poti nzeru inali yanga. Mtima unadumpha ndi chimwemwe, koma nthawi yomweyo unagwa. Ovolosi, ngakhale uikongoletse bwanji, ndi thalauzi basi. Komanso ine ndinalibe yanga, popeza mwamuna wanga wa bolopeni uja anangondisiyira mataye.

Ndinawauza amayi, apongozi anga aja, tikusenda mbatata kukhitchini. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi nkhope yawo ija. Kenako anadzuka, analowa m'chipinda chosungiramo katundu, n'kutuluka atakulunga kanthu m'chitenje. Anandiponyera pamiyendo.

"Amayi!" ndinanong'ona. "Ya abambo?"

"Nanga ya ndani? Ikudyedwa ndi mphemvu pamsomali apo," anatero. "Chipewa ndi majombo mukatenge mawa. Iwo ku kanivo sapita, inu mukudziwa. Geti amaliona Lamlungu lokha. Mukavalire kwa anzanu, mukavulire komweko, kuno mubwere ndi chitenje monga munthu. Koma akakuonani, mwana wanga, ine sindikudziwani."

Mapewa awo ankagwedezeka ponena mawu omalizawo, koma ndinadziwa kuti sakunama. Nkhani ikanafika kwa akuluakulu, iwo sakanatha kundiombola.

Ovolosi ya abambo inali yofiirira ndi fumbi lakale losachoka ndi sopo, ndipo pabondo lamanzere panali chigamba chosokedwa ndi manja awo, ulusi wake wokhuthala, mizere yokhota. Ndinafuna kuchichotsa, koma lumo litafika pamenepo dzanja linakana. Ndinachizunguliza ndi ulusi wofiira kuti chioneke ngati ndinachita kufuna. Ndinasokera kwa mnzanga uja, ndipo nditaivala n'kuima pagalasi lake losweka pakona, ndinadzilonjera ndekha.

Tsiku la kanivo ndinatuluka m'nyumba ndili ndi chitenje ndi bulauzi, maso pansi, ngati wopita kumaliro. Abambo anali pansi pa mtengo wawo. Kwa mnzanga ndinavula ulemu wonsewo n'kuupinda bwinobwino pampando.

Poti lole tinalibe, tinayenda wapansi kuchoka ku Mindolo mpaka kumene magulu ankakumana. Tisanafike n'komwe, anthu anali atayamba kutitsatira. Amayi a ku Kamitondo tinawapeza ali pa lole yobwereka, atavala madiresi a buluu onyezimira ndi zipewa za nthenga. Kunena zoona anatchena, sindingawanamizire. Mmodzi anasuzumira pansi n'kufunsa kuti, "Mwabwera kukonza msewu?" Pakamwa panga panayankha pasanandifunse: "Tabwera kuugwiritsa ntchito, inu khalani pamwamba pomwepo mungadetse nthenga."

Malipenga atalira tinayamba. Sindidziwa ngati ndingathe kufotokoza phokoso la majombo ambirimbiri akugunda phula nthawi imodzi, totsekera mabotolo tikuyankha. Malole ankangodutsa, anthu n'kuwomba m'manja mwaulemu, koma ife tikafika msewu unkasokonekera. Azimayi ankayala zitenje pansi kuti tipondepo. Amuna ankakuwa mayina a mashafuti awo. Bambo wina anathamanga m'mbali mwathu akuloza mkazi wake n'kumauza aliyense kuti, "Iyo ni yanga! Ovolosi na mkazi, vonse ni vanga!" Ine kutsogolo ndinkazungulira, miyendo ikutambasuka, zibangili zikulira, chipewa cha abambo chikuwala ndi maluwa. Ndinali wokondwa kwambiri moti ndinkamva ngati mapazi sakufika pansi.

Tinakhota pakona ina pamene panali mpanda wautali wa waya ndi mitengo ya mthunzi. Pamenepo panakhala amuna achikulire, anzawo a mumgodi odulidwa ntchito, aliyense pakampando kake. Pakati pawo, atavala jekete lawo la ku Misa, panali apongozi anga.

Anali pafupi moti ndinkaona mabatani a jekete. Maso awo anayambira pachipewa, anatsika pakolala, pachiuno, n'kukaima pabondo lamanzere. Ndinaganiza zothawa, koma kumbuyo kunali gulu lonse, m'mbali munali anthu okhaokha. Chitenje chinali kutali pampando wa mnzanga. Thupi linayamba lokha kuchita zimene linazolowera. Ndinayamba kupatukira kumbali, mawondo akupindika, ndipo amayi a kumbuyo kwanga anayamba kugundana, majombo akusokonekera. Ndinamva wapampando akukuwa kuti, "Iwe, chachitika n'chiyani?" M'mutu mwanga ndinali nditatsika kale minibasi ku Masala.

Abambo anaimirira. Anawerama, ananyamula kampando kawo, anatembenuka pang'onopang'ono, n'kukaika moyang'ana kumpanda. Anakhala pansi atandipatsa msana, nkhope ili ku waya. Anzawo anawayang'ana, anandiyang'ana ine, ndipo mmodzi atazindikira anaseka mpaka kutsokomola. Kenako ndinaona dzanja lamanja la abambo likukwera m'mwamba. Linatsika n'kumenya pabondo, linakweranso, linatsikanso, molingana ndendende ndi ng'oma ya bandi.

Ndinadzuka. Ndinagunda jombo pansi mwamphamvu moti totsekera tina tinathothoka, gulu lonse linandiyankha, ndipo pakona imeneyo tinavina kuposa pena paliponse. Misozi inkatsika, penti ya m'maso inkalowa m'kamwa, koma ndinazungulira kuseri kwa msana umenewo mpaka a bandi anachita kutidikira. Msanawo sunatembenuke ngakhale pang'ono.

Oweruza anati apambana ndi a ku Kamitondo, poti iwo anali ndi lole. Tinawakuwiza mokwanira, koma ine mtima unali utapita kale kunyumba. Chimwemwe chitaphwa, mantha anabwerera. Kutembenuka kuja kukanatha kukhala chifundo cha pagulu chabe, mlandu n'kudzandipeza kunyumba.

Ndinafika dzuwa likupendeka, ndili m'chitenje changa, katundu yense nditamukulunga. Abambo anali atabwerera pansi pa mtengo, amayi ali pamphasa pambali pawo akusankha nyemba. Ndinagwada kuseri kwa khomo lakukhitchini, pamalo anga a masiku onse, n'kudikira.

Anayamba ndi kutsokomola. "Amake ana," anatero, "uzani apongozi kuti msomali uja ndinauona tsiku lomwelo. Munthu sungapachike chinthu chako n'kulephera kudziwa kuti chachoka."

Amayi anabwereza, maso ali pa nyemba. Ine ndinangoti, "Auzeni abambo kuti ndamva."

"Muwauzenso kuti ine ku kanivo ndinapita kukaona anzanga. Za amayi ovina sindinaone kanthu, ndinali kuyang'ana mpanda. Aliyense wofunsa, yankho ndi lomwelo."

Amayi anabwereza, ndipo ulendo uno mapewa anayamba kugwedezeka. Ine ndinapuma koyamba chichokereni pakona paja.

Abambo atalankhulanso, mawu awo anali otsika, osafanana ndi a munthu woitanitsa shuga. "Koma makutu ndinali nawo. Majombo aja, amake ana, anamveka ngati shifiti yonse ikutuluka pansi, palibe wotsala. Sindinkadziwa kuti ndidzamvanso."

Amayi sanabwereze mawu amenewo. Anasiya nyemba n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Ndinamva kampando kakulira, kenako mapazi akubwera. Anaima patali pang'ono ndi khomo, nkhope atayang'ana kumbali, n'kuika kanthu pansi. Unali lamba wachikopa wokhuthala, wakuda ndi thukuta la zaka, uja ankamangirirapo batire la nyale ya pachipewa. Sunali pamsomali paja, ankausunga okha m'chipinda chawo.

"Uzani apongozi kuti anzanga akuti wotsogolera uja anavala bwino, koma analibe lamba," anatero. "Munthu satsogolera shifiti wopanda lamba. Ovolosi asaibweze pamsomali, ine ndathana nayo."

Ndinadikira mpaka atabwerera pansi pa mtengo, ndipo ndinakwawa ndi mawondo kukautola ndi manja awiri. Unali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Pakamwa paja pa ku Masala, pamene mayi anga analephera kupatseka, panangopeza liwu limodzi lokha.

"Amayi," ndinatero pomaliza, "auzeni abambo kuti zikomo."

"Ndamva ndekha," anayankha abambo.